Mausi ya Dzanja la a Kalaliki

Mumsewu wa kuseri kwa maofesi, pakati pa telala ndi malo ometera, pali kachitseko kobiriwira kolembedwa kuti TIMATAIPA. Amene wakhala kuseri kwa chitsekocho zaka makumi atatu ndi mayi wina wamfupi, wa mandala omangirira ndi ulusi mbali imodzi, yemwe msewu wonse umamudziwa kuti Zalaziwiri. Dzinali anamupatsa ndi amuna ake, ndipo sanamunamizire. Mpaka lero amataipa ndi zala zolozera zokha, ngati nkhuku ikujompha, koma musamuderere. Kalata yopempha ntchito amaimaliza inu mukadali pakati pofotokoza kuti ntchito yakale munaisiya nokha, sanachite kukuchotsani.

Amuna akewo anthu ankawatchula kuti a Kalaliki, ngakhale sanalembedwepo ukalaliki mu ofesi ina iliyonse. Anayamba ndi taipi yachitsulo pakhonde la sitolo, atakhalira bokosi. Zalaziwiri anawapeza pomwepo ali mtsikana, atabwera kudzataipitsa kalata yofunsira ntchito yogulitsa nsapato. A Kalaliki anamukonzera mawu atatu pa zimene ananena, iyenso n'kuwapezera chilembo chimodzi chimene anadumpha. Bamboyo anachita manyazi mpaka thukuta, ndipo anthu amati anamukwatira n'cholinga choti nkhaniyo isatuluke m'banja. Ntchito ya nsapato ija sanaipeze. Mwana Mulungu sanawapatse. Anali ndi tebulo limodzi, zipinda ziwiri, chakutsogolo cha ntchito ndi chakumbuyo chogona, ndiponso malamulo a bamboyo, omwe anali ochuluka kuposa mipando.

Lamulo lalikulu linali lakuti kalata situluka pakhomo mwini wake asanaimve. Ukamaliza kutaipa uwerenge mokweza, kuyambira pa deti mpaka pa dzina, kenako ufunse kuti, "Ndi zimene mumafuna kunena?" Ankati munthu amabwera mtima uli m'mwamba, koma akamva mawu ake akutuluka m'kamwa mwa wina amayamba kuwaopa. Makalata ambiri osiyira ntchito ndi othetsera zibwenzi anafera pa funso limeneli.

Kompyuta itabwera, malamulo anawonjezeka. M'mawa asanagwire chilichonse, a Kalaliki ankazungulitsa kamuvi ka pa sikirini katatu, ati kudzutsa dzanja. Kamuviko anachita kukakulitsa n'kukadetsa bii, chifukwa maso anali atayamba kuwavuta. Ndipo sankalola kuti kasiyidwe pamwamba pa dzina la munthu.

"Zalaziwiri iwe, muvi wakowo waloza ndani?" ankatero akasuzumira paphewa pake. "Munthu wabwera wamoyo, iwe wamulasa pa dzina. Kachotse msanga."

Iwo akamaliza ntchito ankakakankhira pakona yakumwamba, kudzanja lamanja, n'kukasiya pamenepo monga munthu amakolekera chipewa.

Chaka chatha, Lachiwiri lina m'mawa, a Kalaliki anagwa ndi sitiroko akutsegula kachitseko kobiriwira kaja. Kuchipatala anabwerako amoyo, koma thupi lonse lili lende, pakamwa patatsekeka. Maso ankatsegula, zofewa ankameza, basi. Dokotala anati mwina akumva, mwina sakumva, palibe angalumbire. Zala za dzanja lamanja zinapindikira mkati, moti ankachita kuwafumbatitsa kansalu kopindapinda kuti zikhadabo zisawabaye pachikhatho. Tsiku lililonse Zalaziwiri ankawasambitsa, kuwaveka malaya oyera monga kale, n'kuwakhazika pa mpando wamikono m'chipinda chakumbuyo, thabwa lodyerapo litapingasa kutsogolo kwawo. Manja ankawaika pathabwapo n'kuwafunditsa kathaulo poopa ntchentche. Kenako ankapita kutsogolo kukataipa, poti m'mimba simudikira kuti wodwala achire.

Kuti aziwaona ali pa ntchito, anachotsa galasi lodziyang'anira kuchipinda n'kulikhomera chopendeka pa felemu ya chitseko chapakati. Akakhala cham'mbali pang'ono n'kudzutsa mutu, ankawaona m'galasimo atakhala phee. Koma kukhala cham'mbaliko kunavuta chingwe cha mausi. Chinali chachifupi, chokalamba, chomatidwa ndi selotepi malo atatu. Anachikoka lero, anachikoka mawa, mkucha chinaduka.

Umu ndi mmene anakafikira kwa Zilipo, bambo wa kashopu ka zamagetsi kumapeto kwa msewu. Dzina lakelo linachokera pa yankho lake. Ngakhale mutamufunsa mazira a njoka, amayamba wavomera kenako n'kumafufuza m'makatoni.

"Ndikufuna mausi ya chingwe chachitali," anatero Zalaziwiri.

"Zilipo, mayi. Koma chingwe n'chachikale. Masiku ano mbewa zonse tinazidula michira."

Anayala zitatu pa kauntala. Yoyamba inali yaing'ono, yaphanthiphanthi ngati sopo wotsala pang'ono kutha. "Iyi ndi yaulemu," anatero Zilipo akuidina. "Mwamva chiyani? Palibe. Mutha kuidina pamaliro osadziwika." Yachiwiri inali ya timagetsi tosinthasintha mitundu, ndipo Zalaziwiri anaikankhira pambali osafunsa n'komwe. Yachitatu inali yaikulu, yakuda, ya linunda pamsana.

"Iyi ndiye yolongolola," anatero wogulitsayo. Anaidina, n'kulira kuti tcha! "Komanso imamva msanga. Mukangoisuntha utali wa kanjere ka mpunga, muvi wayenda kale theka la sikirini. Ndi ya anthu a manja akuluakulu, osati inu."

Zalaziwiri anali asanasankhepo chida cha pa ntchito chibadwire. Zonse, mpaka sitepula, ankasankha ndi a Kalaliki, iye n'kumangonyamula jumbo. Anaika dzanja pa yaing'ono ija, ndipo inamukwana bwinobwino. Kenako anaika pa yaikulu. Chikhatho chake chinagona pa linundapo ndendende mmene chinkagonera pamwamba pa dzanja la amuna ake masiku amene ankamuphunzitsa kompyuta, iwo atagwira mausi, iye atagwira iwo.

"Ndipatseni iyi."

"Mayi, ikupwetekani mkono."

"Mkono wake ndi wanu? Ndati iyi."

Zilipo anagwedeza mutu n'kuikamo batire. Anamuonetsa kachitsulo kakang'ono ngati chikhadabo, n'kumuuza kuti akakabaye pa kompyuta. Anati mausi iliyonse imalankhula ndi kachitsulo kake kokha, ndipo ukaitalikitsa mapazi opitirira khumi sizimvananso. Atafika kunyumba, Zalaziwiri anakwawira pansi pa tebulo n'kukabaya kachitsuloko kuseri kwa kompyuta, kufumbi, kumene kunali chingwe chakale chija.

Zilipo ananena zoona, zomwe sizichitika kawirikawiri. Pofika tsiku lachinayi mkono unali utatupa. Anabwerera kushopu kuja, Zilipo n'kukana kusintha katundu wong'ambidwa kale pepala, ndiye anagula yaing'ono yaulemu ija. Ulendo uno bondo linakana zokwawa, choncho kachitsulo kake anakabaya kutsogolo, pamene makasitomala amabaya mafulashi awo. Kachitsulo kakumbuyo kaja sanakaganizirenso. M'mutu mwake kompyuta inali ngati taipi yachitsulo ija, yogwira munthu mmodzi pa nthawi imodzi. Yatsopano ikalowa ndiye kuti yakale yafa.

Lachinayi kunabwera mayi wa mafizo, amene ankadzawongola a Kalaliki miyendo ndi manja. Atafumbatula dzanja lamanja anakwinya nkhope. Anati kansalu kaja kakusunga thukuta, kayambitsa zilonda, pakufunika chinthu cholimba, chozungulira, chodzaza chikhatho. Zalaziwiri anayang'ana uku ndi uku, n'kuona mausi yaikulu ija ili pawindo. Anawongola zala zija chimodzichimodzi n'kuilowetsa. Inakwana ngati anachita kuyeza.

"Mwaona, bambo, inali yanu ndithu," anatero, n'kubwezera kathaulo pamwamba.

Panapita milungu itatu. Tsiku lina masana anali kutaipira namwino wina kalata yopempha tchuthi, mapepala n'kuthera mu pulinta. Ananyamuka kukatenga ena mu kabati, ndipo akukumbuka bwino kuti kamuvi anakasiya pa dzina la namwinoyo, chifukwa ponyamuka mtima unamutsutsa. Pobwerera anakapeza kali pakona yakumwamba. Anati mwina anagunda tebulo ndi ntchafu, n'kupitiriza ntchito.

Mawa lake anakaona ndi maso. Munalibe kasitomala. Manja onse awiri anali atagwira kapu ya tiyi, mausi yake yaing'ono ili payokha pa tebulo. Kuseri kwa khoma makina ometera ankalira, kunja dzuwa lili phwee, ndipo kamuvi kanachoka pa dzina la mwini kalata. Sikanadumphe ngati chinthu chowonongeka. Kanayenda pang'onopang'ono, kakunjenjemera, kakupumira, ngati nyerere yonyamula katundu woiposa. Kanalowera kolakwika, kanaima, kanabwerera. Tiyi anazizira m'manja mwake kamuviko kakukwerabe. Potsiriza kanafika pakona yakumwamba n'kukhala duu.

Anadzutsa mutu n'kuyang'ana m'galasi. A Kalaliki anali mmene anawasiyira, malaya oyera, mutu utapendekera paphewa, maso ali tong'o, kathaulo kali pamanja. Panalibe chimene chinkagwedezeka.

Chimene chinamuopsa kwambiri chinali konayo. Zaka zonsezi bamboyo ankasiya kamuvi kudzanja lamanja. Aka kanapita kumanzere. Zinali ngati wokakankhayo ali mkati mwa sikirini, akuyang'ana kunja.

M'mawa wotsatira atangoyatsa kompyuta, asanakhale n'komwe pansi, kamuvi kanayamba kuzungulira. Mizere yake inali yokhotakhota, ndiponso kankazungulira chobwerera, koma Zalaziwiri anawerenga. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Anakhoma kachitseko n'kuthamangira kwa Zilipo atavala masilipasi osiyana.

Zilipo anasintha batire ya mausi yaing'onoyo, anaipemerera kunsi, anaiyesa pa kompyuta yake. Inalibe vuto.

"Mwina ya ometa aja ikulowerera," anatero Zalaziwiri. "Kapena ya kumaofesi."

"Sizingatheke, mayi. Ndinakuuzani, chilichonse chimamvera chake, ndipo mapazi khumi basi. Ngati muvi ukuyenda, woyendetsayo ali m'nyumba mwanu momwemo."

"M'nyumba tilimo awiri. Winayo ngakhale supuni sanyamula."

Zilipo anamuyang'ana, kenako anayang'ana pansi. Kwa nthawi yoyamba chitsegulireni shopuyo, analibe choti atulutse m'katoni.

Masiku amenewo n'kuti mng'ono wawo wa a Kalaliki akubwerabwera. Anali munthu wabwino ndithu, woyendetsa lole, wa mawu aakulu ndi mtima wofewa, ndipo ankafuna kuwatenga achimwene akewo kuti akawasamalire kwawo, ulendo wa tsiku lathunthu, kumene kunali akazi ake ndi ana akuluakulu anayi. Zalaziwiri akanatsala, chifukwa shopu siinyamulidwa pa lole ndipo kumeneko kulibe wotaipitsa.

"Alamu, mutu umodzi susenza denga," ankatero ataima pakhomo lapakati, osatsitsa n'komwe mawu. "Taonani mmene mwathera. Achimwene anapita kalekale, apa changotsala ndi thupi. Tipatseni tikalisunge ife, chibale ndi fupa."

Zalaziwiri ankakana. Koma mawu akuti anapita kale aja anamulowa ngati minga, chifukwa iye yekha ndi amene ankadziwa za kamuvi. Ngati a Kalaliki anatuluka kale m'thupi lawo, ngati ali kuno kutsogolo akugwira ntchito monga mwa masiku onse, nanga uja amamusambitsa m'mawa uliwonse ndi ndani? Anayamba kuchita mantha powavula malaya. Ankawapukuta msana mofulumira, osawayang'ana kumaso. Komabe akabwerera pa tebulo ankachita chinthu chimene sakanauza munthu. Ankasiya dala kamuvi pa dzina la kasitomala, n'kupinda manja, n'kudikira. Kakayamba kuyenda, mantha ndi chisangalalo zinkamugwirira pamodzi, ndipo nthawi zina ankanong'oneza sikirini kuti, "Pepani bambo, ndinaiwala."

Tsiku limene zinthu zinaipa linali Lachitatu lotentha. Magetsi anazima kawiri, kalata ya masamba asanu n'kutayika. A Kalaliki anadziipitsira kachitatu tsiku limenelo, madzi atatha mu ndowa, ndipo kasitomala wina wa tayi ananunkhiza m'mwamba n'kutuluka osatsanzika. Zalaziwiri anachapa, anakolopa, anawabwezera pa mpando. Kenako anadzigwetsa pa mpando wake n'kugwira kumutu, ndipo mawu anatuluka okha, mokweza, ngati akuwerengera munthu kalata.

"Ambuye, bwanji osangowatenga? Ndatopa ine. Ndatopa nawo."

Atangotero anadzigwira pakamwa, koma madzi akatayika saoleka. Anadzitonthoza kuti palibe wamva.

Kuyambira tsiku limenelo kamuvi kanasiya kuyenda. M'mawa ankayatsa kompyuta n'kuima pambali, kamuvi kali zii. Anakasiya pa dzina la mphunzitsi ola lathunthu, anakasiya pa dzina la mwana wa sukulu, anakasiya ngakhale pa dzina lake lomwe. Palibe anabwera kudzakachotsa. Kale ankaopa kuti m'chipindamo muli wina, tsopano anaona kuti choopsa kwambiri n'chakuti mulibe. Mlungu utatha, alamu ake atafunsanso, Zalaziwiri anangoti, "Bwerani Loweruka."

Loweruka lole inaima pakhomo dzuwa litangokwera, matiresi atayalidwa kale kumbuyo kwa mpando wa dalaivala. Zovala za a Kalaliki zinali m'chikwama. Iwo anali pa mpando wawo, atavekedwa jekete. Chinatsala ndi kalata yopita kuchipatala, yopempha kuti mapepala a wodwalayo atumizidwe ku chipatala cha kufupi ndi kwa alamu. Zalaziwiri anaitaipa yekha. Pamwamba analemba mutu wa nkhani ndi zilembo zikuluzikulu, dzina la amuna ake lili pakati, mmene iwo anamuphunzitsira. Zala ziwiri zija sizinaphonye chilembo.

Atamaliza anakankhira kamuvi pambali n'kuika manja pamiyendo. Kuti adine kachithunzi ka pulinta, dzanja linakana.

"Alamu, tulutsani tizipita," anatero mlamu wakeyo ataima kumbuyo kwake. "Njira ndi yaitali."

"Ndamva."

"Nanga mukudikira chiyani?" Kenako mawu ake anasintha. "Alamu. Chikuyendacho n'chiyani?"

Kamuvi kanali katanyamuka. Kanatsetsereka pang'onopang'ono, kakunjenjemera, mpaka pa mzere wa zilembo zikuluzikulu uja, n'kuima pamwamba penipeni pa dzina la a Kalaliki. Munthu amene zaka zonse sanalole kuti muvi uloze dzina la mlendo anali ataloza lake. Dalaivala wa lole, bambo wa ndevu zake, anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda kabati. Kamuviko kanapuma pamenepo nthawi yaitali. Kenako kanayamba kukwera, kanaphonya, kanabwerera, n'kukafika pa kachithunzi ka pulinta.

Tcha!

Pulinta inadzuka, inakoka pepala n'kuyamba kulira. Mlamu uja anafuula dzina la Mulungu. Koma Zalaziwiri sanayang'ane pulinta. Mausi yake inali yaulemu, yosamveka ngakhale pamaliro. Kulira kumeneko ankakudziwa, anakumvapo pa kauntala ya Zilipo, ndipo sikunachokere pa tebulo. Kunachokera kuchipinda chakumbuyo.

Anadzutsa mutu. Miyezi yonseyi ankayang'ana m'galasi kuti aone ngati amuna ake sanagwe, ngati malovu sakutsika. Sanaganizepo kuti galasi limene iye amawaonera, iwonso amamuonera momwemo. Maso aja amene ankati angoti tong'o anali pa iye, ndiponso pa sikirini ya pambali pa phewa lake, yotembenuka, kumanja kuli kumanzere.

Analowa kuchipinda n'kuchotsa kathaulo. Pansi pa dzanja lopindika lija, pakati pa mausi ndi thabwa, pankatuluka kakuwala kofiira. Anayang'anitsitsa. Dzanjalo linasuntha, utali wa kanjere ka mpunga.

"Alamu, imani pa sikirinipo," anatero Zalaziwiri. "Muzindiuza kumene kakupita." Anagwada patsogolo pa mpando. "Bambo, ngati mukundimva, kwezani muvi m'mwamba. Kukana, mutsitse pansi."

Kuchokera kutsogolo kunamveka mawu a mlamu uja. "Kakukwera, alamu. Mayo ine, kakukwera! Achimwene!" Mlamuyo analira ngati mwana, kenako anadzipukuta ndi chipewa n'kufunsa mokweza, "Achimwene, ndabwera ndi galimoto. Mukufuna tipite kwathu?"

Zalaziwiri anayang'ana dzanja lija. Analiona likukankhira kutsogolo.

"Kakwera," anatero mlamuyo motsitsa. "Akuti tipite."

Zalaziwiri sanadabwe. Anali atadziwa kale pulinta itangolira. Ngati ankaona zonse, ndiye kuti ankamvanso zonse: za thupi lotsala, za msana wopukutidwa mothamanga, za Lachitatu lija. Manyazi anamuwotcha nkhope mpaka m'makutu.

"Munamva zimene ndinanena tsiku lija?"

"Kakwera."

"Ndiye n'chifukwa chake mukufuna kupita?"

Ulendo uno dzanja linakhala nthawi yaitali osasuntha. Kunja wina anagogoda pa kachitseko kobiriwira, anadikira, n'kupita. Kenako mlamu uja anayankha ngati sakufuna. "Kakwera, alamu."

Zalaziwiri anaimirira. Anapita kutsogolo, anasolola pepala lija mu pulinta likadali lofunda, n'kubwerera nalo. Anakonza mandala ake.

"Bambo, mwaphwanya lamulo," anatero. "Kalata iyi mwini wake ndine, ndinasaina ndine pansipa. Mwaitulutsa ndisanaimve. Zaka makumi atatu mwakhala mukundikonzera zolakwa, mpaka kadontho komwe, ndiye cholakwa chachikulu chokhachi mukufuna chituluke pakhomo chonchi?"

Anayamba kuwerenga mokweza, kuyambira pa deti. Anawerenga keyala ya chipatala, anawerenga mutu wa nkhani ndi dzina lawo, anawerenga mawu onse aulemu opempha kuti wodwalayo asamutsidwe poti womusamalira sakukwanitsanso. Anapitiriza mpaka pa dzina lake.

"Pakamwa panu sipangafunse, ndiye ndidzifunsa ndekha. Ndi zimene ndimafuna kunena?" Anapinda pepalalo pakati. "Ayi. Kutopa ndinatopadi, sindikana, ndipo mwina mawa ndidzatopanso n'kulankhula zopusa. Koma ine ndimayesa ndatsala ndekha m'nyumba muno, bambo. Ndimayesa munandisiya kalekale. Mukapita lero ndiye mwandisiyadi."

Anagwadanso n'kuika chikhatho chake pamwamba pa dzanja lawo, mopepuka, kuti asalilemere.

"Tsopano yankhani bwino. Mukupita?"

Makina ometera kuseri kwa khoma anali atasiya kulira. Diso limodzi la a Kalaliki linadzaza madzi, n'kusefukira m'khosi mwa jekete. Pansi pa chikhatho chake Zalaziwiri anamva dzanja lija likuyamba kuyenda, koma silinapite kutsogolo, silinabwererenso m'mbuyo.

"Alamu, sindikumvetsa," anaitana mlamu uja. "Sikakukwera, sikakutsika. Kakungozungulira."

"Werengani."

"Kamodzi. Kawiri." Panapita nthawi. "Katatu. Kaima. Ndiye akuti chiyani?"

Zalaziwiri anapukuta amuna ake kumaso ndi kathaulo kaja, kenako anadzipukuta yekha. Anayamba kuwamasula mabatani a jekete.

"Akuti mutsitse chikwamacho," anatero, "ndipo mutsegule chitseko. Kunja kuja kunali kasitomala."